Tsiku Limene Amayi Analuma Nsalu Yakuda

Kodi mkazi amene ali m'zakuda, mwamuna wake asanathe chaka m'manda, angaimbe nthungululu mwana wake akamaitanidwa dzina pagulu? Funso limeneli linazungulira m'mudzi mwathu muno chaka chimene ine ndinali mu Fomu 4, nyengo ngati inoyi, mpunga utayamba kucha kudambo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene analiyankha, ngakhale mkulu wa mpingo, ngakhale azakhali anga amene ankadziwa mwambo uliwonse wa maliro kuyambira posambitsa mpaka pometa.

Bakhalani pansi pang'ono, achemwali anga. Kwaya yatha koma dzuwa likadalipo, ndipo nyemba zimene mwasiya pamoto sizipserera chifukwa cha nkhani imodzi. Musaseke kuti Esinati wayamba kukamba za makedzana ngati nkhalamba pomwe mwana wake woyamba sanafike n'komwe Sitandade 3. Kuno ku Domasi zinthu zasintha mofulumira, moti zimene ndinaona ndili mtsikana ena a inu mukazimva muziona ngati za m'nthawi ya agogo. Komanso ndineneretu, kuopa kuti mawa zingamveke mwina: ine sindikunyoza mwambo wa munthu aliyense. Ndikungokamba zimene zinachitika pakhomo pathu.

Bambo anga anamwalira mu Januwale chaka chomwecho, atangomaliza kuwokera mpunga m'munda wathu wa kumunsi kwa mtsinje. Sanadwale nthawi yaitali. Lachiwiri anabwera kuchokera kudambo akudandaula mutu, Loweruka tinali kumanda, ndipo mbande zimene anawokera ndi manja awo zinali zisanagwire n'komwe bwinobwino. Maliro atatha, azakhali, amene anali mlongo wawo wamkulu wa bambo, anaveka amayi zakuda: diresi lakuda, nsalu yakuda, duku lakuda. Anagwirizana kuti adzavula anthu akadzakolola, tsiku limene achibale adzasonkhane kumanga chiliza. Masiku ano mumaona ena akuvala zakuda mwezi umodzi, ena sabata imodzi, ena osavala n'komwe, ndipo si onse amene amalozedwa chala. Koma nthawi imeneyo, makamaka kubanja la bambo anga, mkazi akakhala m'zakuda sankapita ku ukwati, sankavina, sankaseka mokweza ngakhale pamsika. Akangopezeka akusekerera pagulu, mawa lake nkhani inali itawoloka mtsinje kuti mkazi uja imfa ya mbale wanu yamukomera, ndipo mawu oterowo akatuluka sabwerera, amangokula, mpaka ena n'kuyamba kufunsana kuti kodi mutu uja unalidi mutu?

Tsono kuti mumvetse bwino, amayi anga anali ndi mmero. Inu mukuwadziwa pano akuyenda ndi ndodo, koma funsani amayi anu kunyumba. Ukwati ukakhalapo pa tchalitchi pano ankachita kudzawatenga pa njinga kuti akatsogolere nthungululu, ndipo ikalira kuno anthu ankaimvera kumsewu wa ku Liwonde. Bambo ankakonda kunena kuti kumunda kwathu mbalame sizitera chifukwa zimaopa pakamwa pa amayi. Ndiye taganizani munthu woteroyo atatseka pakamwa miyezi isanu. M'nyumba munali zii, ndipo ngakhale mbalame zomwezo, mpunga utabereka, ankaziingitsa ndi zitini zomangirira pa chingwe, osati ndi mawu.

Mbalame zomwezo n'zimene zinatsala pang'ono kundichotsa pasukulu. Ine ndinali woyamba kubadwa, ang'ono anga anali aang'ono kwambiri, ndipo ndinkaona amayi akulawirira kudambo okha, kubwera madzulo miyendo itatupa. Tsiku lina Lolemba ndinasiya makope pawindo, n'kuwatsogolera kumunda, n'kuyamba kukoka chingwe cha zitini ngati munthu amene wapeza ntchito yake ya moyo wonse. Sipanapite nthawi ndinawaona akubwera pa mlambala wa munda, nsalu yakuda atakwinyira m'mawondo, m'manja atanyamula jumbo, ndipo m'jumbomo munali makope anga ndi yunifolomu.

"Iwe Esi, lero ndi lachingati?"

"Lolemba, amayi."

"Nanga sukulu aisamutsira kudambo kuno?"

"Amayi, mbalame zimaliza mpunga. Inu nokha simungathe."

"Mbalame zikadya mpunga, chaka chamawa tidzawokera wina. Nanga Fomu 4 amawokeranso?" Anandilanda chingwe chija. "Bambo ako ankakupalasa pa njinga mvula ili pamsana, kukakutula pageti pa sukulu, kuti udzathere pa zitini? Samba miyendo apo, uvale."

Ndinasamba mu ngalande momwemo, ndikulira, ndipo ndisananyamuke anandigwira pamutu ndi dzanja lamatope n'kupemphera, pemphero lalifupi kwambiri, loti Mulungu andipatse mutu wosunga zinthu ndipo iwo awapatse miyendo. Kuyambira tsiku limenelo sindinajombenso.

Kenako inafika nkhani ya galajuweshoni, mwambo uja wotsanzikana ndi a Fomu 4 mayeso asanayambe. Lero ngakhale ana a sukulu ya mkaka amavala mikanjo ndi zipewa za makona anayi, keke pamwamba, wojambula pambali. Ife pa sukulu yathu yoyendera panalibe mikanjo, tinkangochapa yunifolomu n'kuisita bwino. Koma chinthu chimodzi chinalipo ndipo mpaka lero chilipo: mphunzitsi akatchula dzina lako pa chimkuzamawu, umanyamuka kupita kutsogolo kukalandira pepala, ndipo kholo lako limatuluka pagulu ndi nthungululu, kudzakuchingamira, kukuveka nkhata ya maluwa m'khosi. Ulemu wonse wa tsikulo unali pamenepo. Chaka cha m'mbuyo mwake, ndili Fomu 3, ndinaona mtsikana wina wa ku Naisi akuyenda yekha. Dzina lake linatchulidwa, osamveka kanthu, anthu akucheuka kufunafuna kholo, ndipo tonse tinkamva nsapato zake zikulira pa simenti mpaka kutsogolo, kenako aphunzitsi awiri anaomba m'manja mochita kumumvera chisoni. Mtsikana ameneyo sanadye nafe tsiku limenelo, anazemba. Ine chithunzi chimenecho chinandikhala m'mutu chaka chathunthu, ndipo bambo atamwalira ndinadziwa kuti nsapato zolira pa simenti chaka chino ndi zanga.

Kalata yoitana makolo itabwera, amayi anaiwerenga kawiri, n'kuipinda, n'kuiika m'Baibulo. Lamulungu titaweruka anapita nayo kwa mkulu wa mpingo wa dera lathu, bambo wina wofatsa amene magalasi ake ankamanga ndi ulusi. Anamvetsera, anavundukula masamba a Baibulo, anabwereranso kumbuyo, kenako anavula magalasi aja.

"Amayi, kunena zoona, m'buku muno za nsalu yakuda sindikuzipeza. Zoletsa mulibe, zolola mulibe. Izi ndi za kubanja. Kafunseni alamu anu."

Pobwerera tinapeza abiti Jafali akupeta mpunga pakhonde. Ameneyu anali mnansi wathu wa Chisilamu, mnzawo wa amayi wa ponda apa nane mpondepo, amene ankagulitsa mpunga wopuntha ku Naisi. Amayi atawafunsa, anaika lichero pansi.

"Ngwamba, ayi, amake Esi, ine musandilowetse m'zimenezo. Kwathu mkazi amabindikira miyezi inayi ndi masiku khumi, akatuluka watuluka. Inu a kutchalitchi ndi zodikira chiliza zanuzo, kaya. Komanso tandiuzani, galajuweshoniyo ndi chiyani kwenikweni? Ndi msonkhano wa makolo? Ngati ndi msonkhano, pitani. Ndi ukwati? Ngati ndi ukwati, mkwati wake ndani?"

Ine ndinaseka, koma amayi sanaseke, chifukwa funso la abiti linali lomwelo limene linkawasowetsa tulo.

Ndiye panatsala azakhali. Iwo ankakhala tsidya la mtsinje, ndipo ndi amene anali ndi mawu pa za kuvula zakuda; akanena kuti mkaziyu sanalire bwino, tsiku lija likanatha kusunthidwa, ndipo dzina la amayi likanaipa kubanja konse. Tinapita Lachitatu madzulo nditaweruka. Tinawapeza akusenda chinangwa, amayi anagwada chapatali, ine kumbuyo kwawo, ndipo atatha malonje amayi anafotokoza zonse mwaulemu. Azakhali anayamba asenda kaye chinangwa chimodzi chathunthu.

"Alamu," anatero pomaliza, "ine maliro ndaona ambiri. Mukanandifunsa za ukwati, ndikanati ayi. Za chinamwali, ndikanati ayi. Koma izi za galajuweshoni amayi athu sanatisiyire mawu, chifukwa m'nthawi yawo mwana akamaliza sukulu ankangobwera kunyumba n'kuvula yunifolomu, basi."

"Ndiye mukuti ndipite, alamu, kapena ndisapite?"

"Ine sindinati pitani, sindinati musapite. Ndikungoti anthu ali ndi makutu, ndipo mmero wanuwo palibe amene saudziwa."

Mwamva yankho lake? Pobwerera, titafika pa ulalo wa mitengo, ndinalimba mtima.

"Amayi, musabwere. Ndiyenda ndekha. Si patali, kuchoka pa benchi kufika pa tebulo ndi masitepe makumi awiri okha."

Anaima pakati pa ulalo n'kundicheukira. "Unawerenga liti?"

"Dzulo, anthu ataweruka."

"Ndiye kuti wakhala ukuopa wekhawekha osandiuza." Anandiyandikira, madzi akulira pansi pathu. "Tamvera, Esi. Amene anamwalira ndi bambo ako, osati amayi ako. Mwana wanga sayenda yekha pagulu ine ndili moyo. Ndibwera ndi zakuda zangazi, ndikhala kumbuyo kwenikweni, dzina lako likatchulidwa ndidzuka, ndikuveka nkhata, ndibwerera. Pakamwa ndiluma nsalu. Munthu angandiimbe mlandu woyenda?"

Anati amene anamwalira ndi bambo ako, kutanthauza kuti amene ndataya ndi mmodzi, wina akadalipo. Ndinamva, koma mtima sunakhale pansi, chifukwa amayi ndinkawadziwa. Munthu amene nthungululu inkamutuluka ngakhale nkhuku ikaswa anapiye onse, angaigwire ndi kansalu?

Tsikulo linafika. Anzanga anali atagula nkhata za mapepala onyezimira m'tauni ya Zomba, zofiira, zagolide, zina zolembedwa mawu. Ine ndinkadziwa kuti amayi sangapite m'sitolo kukasankha zonyezimira ali m'zakuda, ndipo sindinafunse. M'mawa ndikusita yunifolomu ndinawaona akuchokera kudambo mame ali m'miyendo, atafumbata ngala za mpunga, zija zoyamba kucha, ndipo anakhala pakhonde n'kuyamba kuziluka ndi luzi. Ndisaname, achemwali anga, ndinachita manyazi. Mumtima ndinati anzanga avala golide, ine ndivala chakudya cha mbalame. Iwo anaika nkhata ija m'dengu pamwamba pa mbale za mpunga ndi nyemba, n'kuvundikira ndi kansalu. Tikunyamuka, abiti Jafali anatulukira atavala bwino, mpango woyera kumutu, n'kusenza dengu lija osapempha.

"Ine ndangoperekeza mbale," anatero. "Zanu za nthungululuzo sindikuzidziwa."

Kusukulu anali atamanga chisakasa cha malona kutsogolo kwa holo, makolo atadzaza, nsalu za mitundumitundu ngati pa ukwati. Amayi anakhala pa benchi yomalizira, pafupi ndi mtengo wa mango, ndipo ndinaona kuti amayi ena awiri amene anali pa benchi yomweyo anasendera pang'ono, osati mwachipongwe, koma ngati anthu osadziwa kuti achite bwanji. Pagulu lonselo kadontho kakuda kanali kamodzi. Ife a Fomu 4 tinakhala kutsogolo chakumbali, ndipo ine ndinkangocheuka. Pocheuka kachitatu ndinaona kuti kumbuyo kwa amayi, pansi pa mango paja, panali mpando wa pulasitiki, ndipo pampandopo panali azakhali, ambulera ili pamiyendo, nkhope ili gwa. Sanauze munthu kuti abwera. Ndinadziwa kuti abwera kudzaona ndi maso awo, kuti asachite kuuzidwa, ndipo amayi nawo anali atawaona, chifukwa anali atatenga kale nsonga ya nsalu n'kuiika pakati pa mano, mwambo usanayambe n'komwe.

Zolankhula za akuluakulu sindinamvepo ndi chimodzi chomwe. Maina anayamba. Aliyense akatchulidwa, nthungululu, makolo kuthamanga, ena kuvina, bambo wina mpaka anagwetsa benchi, anthu kuseka. Mnzanga amene ndinakhala naye pafupi anatchulidwa, amayi ake anamunyamula ngati khanda. Kenako mphunzitsi anakweza pepala, n'kutchula dzina langa, ndipo pambuyo pake, pang'onopang'ono, dzina la bambo anga.

Kunali zii. Anthu a m'dera limodzi amadziwana, onse ankadziwa kuti dzina limenelo mwini wake tinamuika mu Januwale. Ndinanyamuka, ndipo nsapato zanga zinayamba kulira pa simenti monga ndinkaopera muja. Ndinkawerenga chamumtima. Nditafika pa sitepe yachisanu ndi chitatu ndinamva anthu akusuntha miyendo kupereka njira, ndipo nditakweza maso ndinaona amayi akubwera pakati pa mabenchi, osathamanga, osavina, nsalu ili m'mano, nkhata ya mpunga ili m'manja awiri ngati anyamula mbale ya mgonero. Tinakumana pakati. Anandiveka, ngala zija zikundibaya m'khosi, ndipo anafuna kundiuza kanthu. Koma munthu sangalankhule ataluma nsalu. Ndiye anaitaya.

"Mpunga uwu anawokera okha bambo ako," anatero chapansipansi. "Abwera nawo."

Pamenepo m'pamene zinachitikira. Pakamwa panali potsegula kale, ndipo chinthu chimene anachitsekera miyezi isanu chinapeza njira. Sinayambe ngati nthungululu ya pa ukwati ayi, inayamba ngati kulira, kenako inakwera, n'kukwera, mpaka chimkuzamawu chinaoneka ngati chidole. Inali yaifupi. Anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri, maso ali tong'o, akundiyang'ana ngati mwana amene waswa mtsuko, ndipo ine ndinati basi, zatha, amayi anga awonongeka chifukwa cha ine.

Mpweya umodzi usanathe, kumbuyo kunamveka ina. Inali yosasa, yodukaduka, ngati tambala wodwala chimfine, koma inali yamphamvu, ndipo inkayandikira. Anali azakhali. Ankabwera pakati pa mabenchi ambulera ili m'mwamba, misozi ili mbwembwembwe, akululuta ngati afuna kung'amba malona. Abiti Jafali, amene anangoperekeza mbale aja, analowapo ndi yawo yopyapyala, kenako amayi awiri amene anasendera aja, kenako chisakasa chonse, moti mphunzitsi anachita kudikira nthawi ndithu asanatchule dzina lotsatira. Masitepe otsalawo sindinawerengenso. Ndinafika pa tebulo dzanja limodzi lili mwa amayi, lina mwa azakhali.

Mwambo utatha tinakhala pansi pa mango kuti tidye. Mbale zisanavundukulidwe amayi anagwada pamaso pa azakhali.

"Alamu, ndalakwa. Sindinafune. Yangotuluka yokha."

"Yatuluka chiyani?"

"Nthungululu."

"Ya ndani?" Azakhali anakweza mawu kuti a pa mitengo ina amve. "Inu munali mutaluma nsalu, ndakuonani ndi maso angawa. Ndayamba ndine. Dzina la mlongo wanga litchulidwe pa chimkuzamawu, ine ndikhale duu ngati ndabwera kudzagula tomato? Amene akuti anayamba ndi wina abwere andiuze pamaso."

"Inenso ndamva choncho," anatero abiti Jafali akugawa mpunga. "Yoyambayo inali yoipa kwambiri, singakhale ya amake Esi."

"Abiti, samalani pakamwa panu, ndili ndi ambulera."

Amayi anaseka. Anasekera mu nsalu, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika, koma kunali kuseka, koyamba chichokereni bambo. Ine pamenepo m'pamene ndinapuma. Ndinamva ngati ndatula mtolo wa nkhuni umene ndinausenza kuchokera mu Januwale, ndipo mpunga wa nyemba wa tsiku limenelo sindinadyenso wina wokoma choncho.

Pobwerera kunyumba amayi anandisiyanitsa pang'ono ndi enawo. "Pepala walandirali si mayeso," anatero. "Mayeso akubwera. Ukakalowa m'chipinda muja usakaganize za ine, usakaganize za mbalame, usakaganize za anthu. Ukalembe zimene ukudziwa, zimene sukudziwa umusiyire Mulungu, iyenso ali ndi ntchito. Ukakhoza ndiwe mwana wanga. Ukalephera ndiwe mwana wanga, koma ubwereza, usaganize kuti ndikupatsa zitini."

Nkhani inawolokadi mtsinje, musaganize kuti anthu anagona. Msuweni wina wa bambo anapita kwa azakhali kukafunsa kuti kodi zimene tamvazi n'zoona? Azakhali anamufunsa ngati iye analipo, ndipo atati ayi, anamuuza kuti iwo analipo, ndipo anayamba ndi iwo, ndipo ngati ali ndi mlandu ndi mlongo wa malemu aunene. Nkhani inathera pomwepo. Anthu onse amene anali pa chisakasa chija ankadziwa mmero umene unayamba, koma panalibe amene akanaloza chala, chifukwa onse analuluta nawo. Titakolola, chiliza chinamangidwa pa tsiku lake, ndipo azakhali omwewo ndi amene anavula amayi zakuda n'kuwaveka chitenje chatsopano cha maluwa achikasu. Mayeso ndinakhoza, osati mwapamwamba, koma satifiketi ndili nayo, ndipo tsiku limene zotsatira zinatuluka amayi anaimba nthungululu imene abiti Jafali anati anaimvera ku Naisi. Nkhata ija inakhala pa msomali m'nyumba mpaka nthawi yofesa, ndipo amayi anaipukusa n'kusakaniza ndi mbewu ya pa nazale. Mpunga umene ana anga amadya lero uli ndi mbewu imeneyo.

Azakhali anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Akudwala ndinawafunsa kuti, azakhali, tili awiri, tandiuzani zoona, tsiku lija munabwera kudzatani? Anati anabwera kudzagwira amayi ndi mlandu, zimenezo sanabise. Nanga anayamba ndani? Anandiyang'ana n'kunena kuti, iwe, makutu ako ndi obowoka? Ndinayamba ndine. Anapita nawo mawu amenewo, ndipo funso lija, loti kodi n'kololedwa kapena ayi, sanaliyankhe mpaka kumanda.

Tsono mwina mukudabwa kuti ndakukhazikani pansi chifukwa chiyani. Taonani pa benchi ya oimba alito paja, pali malo a munthu mmodzi amene sanabwere ku kwaya kuyambira mu Febuluwale. Amake Yamikani ali m'zakuda, mukudziwa nonse, ndipo kubanja la malemu amuna awo mwambo amaugwira molimba ngati kwathu kale. Yamikani akutsanzika Fomu 4 Loweruka likubwerali. Dzana pa mjigo amake anandikokera pambali n'kundifunsa funso lomwe lija, liwu ndi liwu, ngati analimva pakhomo pathu. Ndine ndani ine kuti ndiuze mkazi wa mwini kuti pitani, pomwe zikavuta adzatsala nazo yekha? Ndiponso lero n'koopsa kuposa kale. Nthawi yathu nkhani inkawoloka mtsinje ndi miyendo, ndipo azakhali ankatha kuitchingira panjira. Lero munthu amangokweza foni, dzuwa lisanalowe kanema wafika kwa achibale a ku Joni, nkhope ya munthu mmodzi ili poyera, pakamwa pali yasa. Ndakhala ndikuganiza zimenezi masiku awiri, ndikamayang'ana ana angawa ndimati nanga akanakhala iwo, nanga ndikanakhala ine?

Dzulo ndinakawauza amayi. Yankho la funsolo iwonso salidziwa. Anangoti ndiwapezere wa kabaza Loweruka m'mawa, miyendo yawo siingafike koma mmero ukadalipo. Ndipo lero m'mawa amake Yamikani anditumizira mawu kuti apita, akhala kumbuyo, aluma nsalu. Nditamva mawu amenewo ndinadziwa chochita, chifukwa njira imeneyo ndikuidziwa kumene imathera.

Ndiye pempho langa ndi ili, achemwali anga. Loweruka tikumane pano pa tchalitchi eyiti koloko, tipitire limodzi. Tikakafika tisakamwazikane, tikakhale mozungulira amake Yamikani, ena kutsogolo, ena m'mbali, ena kumbuyo, pasakhale malo opanda munthu pa benchi yawo. Mafoni akakhale m'zikwama. Ndipo dzina la Yamikani likangotchulidwa, musadikire kuti muone ngati amake agwira nsalu kapena ayitaya. Yambani inu.